Apongozi anga pa bwalo la ndege ku Malton

Abale anga, Lachiwiri lapitali ndinatsala pang'ono kubweza apongozi anga ku Dedza ndi pakamwa pangapa.

Mayi a kunyumba ndi oyembekezera, mwana woyamba, ndipo ananeneratu kuti popanda amayi awo sizitheka. Koma madokotala anapeza chipsera cha TB yakalekale m'chifuwa mwa apongoziwo, ndiye lamulo la Canada likuti munthu wotere asalowe. Tinathamanga nazo mpaka kupeza chilolezo chapadera cha nduna: alowe, athandize, nthawi ikakwana abwerere.

Apongozi atatera ku Malton, a imigireshoni anandiitana kuti ndikamasulire. Ndinalowa n'kunyonyomala chapatali, maso pansi, monga mkamwini wolangizidwa bwino. Mkulu wa imigireshoni anandiyang'ana ngati ndaba mbuzi.

"Mayiwa mukuwadziwa ndithu?" Ndinavomera. "Chabwino, afunseni abwerera liti kwawo."

Kalanga ine! Inu munamufunsapo mlendo zimenezo, asanamwe n'madzi omwe? Mlendo wakenso apongozi? Kwathu mlendo amatsanzika yekha, ndipo akatsanzika timamukaniza, mwina kumubisira chikwama kumene. Lilime langa linakana. Ndinangoyankha ndekha, m'Chingerezi changa chapamwamba chija: "Bwana, awa ndi amayi. Akhala mpaka atatopa okha."

Chidindo cha mkuluyo chinali kale m'mwamba, koma chinabwerera patebulo chosagwira ntchito. Mkuluyo anandiuza mosapsatira kuti chilolezocho n'chakanthawi. Ngati tsiku lobwerera palibe, ndege yobwerera ilipo.

Thukuta kamukamu, kunja kuli chipale chofewa! Ndinaganiza za mkazi wanga kunyumba ku Etobicoke, miyendo yotupa, atayala kale bedi la amayi ake. Ndinachita mantha zedi.

"Amayi, pepani," ndinayamba, ndikuyang'ana nsapato zanga. "Si ine ayi, ndi mzunguyu. Akuti kaya, mwina, m'tsogolo muno..."

"Akufunsa tsiku lobwerera?" apongozi anandidula. "Muuzeni chimanga changa ndikakolola ndekha. Ndani angakhalitse kuno, kozizira chonchi?"

Nditangomasulira, chidindo chija, gu!

Chichokereni kumeneko mutu sukundipatsa mtendere. Timati anthu akuno alibe ulemu pofunsa mlendo zotere. Nanga ifeyo, amene timadzaza mabenchi a tchalitchi ku Mississauga ndi ku Hamilton? Tonsefe tinatsanzika kuti tikungopita kusukulu, tibwera posachedwa. Lero tikukambirana za matayala oyendera m'chipale chofewa ndi sukulu za ana. Akwathu satifunsa zobwerera, poti nawonso ndi aulemu.

Ndinkayesa choncho. M'galimoto apongozi anakhala kumbuyo, nkhope atalozetsa kuzenera monga mwa mwambo, ndipo analankhula ngati akuuza mitengo ya m'mbali mwa msewu.

"Ine langa tsiku ndanena. Nanga mwana wanga uja, amene anthu ena anamutenga n'kuti ndi zaka ziwiri zokha, adzam'bweza liti?"

Ndinangokweza hita yotenthetsa m'galimoto. Inu mukanawayankha chiyani?