Ndowa ya ba Dainess

Ku Nangongwe palibe amene sawadziwa ba Dainess Tembo, aphunzitsi a giredi 2 amene amapita kusukulu atanyamula ndowa yachitsulo ngati akukagula nsomba ku Chanyanya. Anthu amaseka, koma asekeni. Foni yawo ndi yaing'ono, ana ndi odzaza mpaka pakhomo, ndiye iwo amaika foniyo m'ndowa, ndowa n'kuigoneka pawindo pomwe netiweki imagwira, mawu n'kumveka mpaka kumbuyo. Nyimbo za zilembo, kulira kwa njovu, zonse za pa intaneti zimatulukira m'ndowamo.

Mayi ameneyu sadziwa kukhala pansi. Anatengera atate awo, ba Zakeyo, amene anachoka ku Chipata ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji, nakalambira pa Kafue pompano.

Sabata imeneyo phunziro linali la sitima, ndipo ba Zakeyo anali m'chipatala ku Lusaka, chifuwa chitawapanikiza. Ba Dainess anafuna kupempha masiku kuti akawadwazike, koma atate awowo anakana pafoni.

"Mng'ono wako Joyce alipo, akwana. Iwe phunzitsa. Lachisanu tikuimbira, undiike m'ndowa yako ija, ndiwauze ana mmene sitima imaimira. Za pa intanetizo analemba ndi anthu osagwirako njanji."

Lachisanu m'mawa mtima wa ba Dainess unali m'mwamba. Uthenga umene anatumizira Joyce unali usanayankhidwe. Choko chinkangowathyokera m'manja. Anapita pawindo, nabwerera, napitanso. Akwere basi pompano? Nanga ana, amene sabata yonse akhala akuyeserera moni wa agogo a njanji? Wina anabwera ndi sitima ya mabokosi a machesi. Wina anasunga funso lake osauza munthu, lakuti woyendetsa sitima akafuna kutaya madzi amatani. Ba Dainess anadziuza kuti akaweruka masana akwera basi, Lusaka si kutali.

Anaika kavidiyo ka sitima kuti nthawi ipite. Kanazungulira, kanaima, kanazunguliranso. Netiweki ya kuno nayo ili ngati mlamu waulesi, imafika pamene ntchito yatha.

Kenako ndowa inalira, dzina la Joyce lili pafoni. Mtima wa ba Dainess unakhala pansi. Munthu wina aliyense wokhala ndi wodwala kuchipatala akanatuluka panja, n'kuyankha foni ili pakhutu. Koma iwo anazolowera kuti foni ya m'kalasi ndi ya onse. Anakweza mawu a foniyo mpaka pomaliza, anaimika dzanja kuti ana akonzeke, nadina.

"Muli bwanji agogo a njanji!" kalasi yonse inafuula pamodzi, monga anaphunzitsidwira.

M'ndowamo munamveka kupuma kwa munthu amene walira mpaka kutopa.

"Ba sisi," anatero Joyce, "atate atisiya. M'mawa uno amafunsabe ngati ana aja akonzeka."

Ndowa ija sinabise kanthu. Inafikitsa mawuwo mpaka kumbuyo, monga mwa masiku onse.

Mayi wosadziwa kukhala pansi uja anakhala pasimenti, nalira mokweza pamaso pa ana a eni, chisoni chitasakanikirana ndi kudzida kuti sanakwere basi ija. Palibe mwana anaseka. Kamtsikana kena, Mapalo, kanatsika pabenchi n'kukhala pansi pambali pawo, miyendo itawongoka, monga amakhalira amayi pamaliro. Ena anatsatira mmodzimmodzi mpaka mabenchi anatsala okha. Mwini sitima ya machesi uja anakwawa, naiika pamiyendo ya aphunzitsi ake.

Ndowayo amainyamulabe mpaka lero, ndipo ana a giredi 2 amaphunzirabe nayo. Koma foni ikalira, ba Dainess amaitulutsa kaye m'ndowa, n'kupita nayo panja.