Khomo limene ndinalilambalala

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene chivomezi chinagwedeza mudzi wathu, kufupi ndi Likoswe, nkhondo yachiwiri ya azungu itangotha kumene. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. M'mawa umenewo ine ndi amayi tinkasinja kuseri kwa nyumba. Tinamva mkokomo ngati galimoto lalikulu likuyenda pansi pa nthaka, kenaka mtondo unayamba kuvina wokha, chimanga n'kumwazika. Amayi anandigwetsa pansi n'kundifungatira, uku akutchula mayina a oyera mtima onse amene ankawadziwa, ena mpaka kawiri.

Palibe amene anafa, ndipo mpaka lero ndimathokoza. Koma nyumba zinayi zinagwa, ndipo zinali zija tinkazisirira, za zidina, zomangidwa ndi abambo obwera ku Halale. Zathu za nsichi zomata dothi zinangong'aluka pang'ono. Imodzi mwa zogwazo inali ya a Matiyasi, amene akazi awo a Filomena anali atangotuluka kumene m'chikuta. Khanda la masabata awiri linayamba kugona pansi pa mtengo wa mango, pamene mitambo inali itayamba kale kusonkhana pamwamba pa phiri la Chiradzulu masana aliwonse. Aliyense ankadziwa kuti mvula yoyamba ikawapeza pamenepo, mwanayo sakhala.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, mphunzitsi wathu a Paulo anaimitsa anthu pabwalo. Anati timange misasa inayi mvula isanagwe. Mitengo ndi nsungwi abambo akanadula, koma vuto linali udzu, chifukwa tchire lonse linali litapsa kale. Udzu unali kwa anthu a cha ku Namadzi amene ankausunga kuti agulitse. Ndiye anagwirizana kuti khomo lililonse lipereke chimene lili nacho, zinthuzo akazigulitse kumsika, agule udzu. A Paulo anati mutu umodzi susenza denga, ndipo anabwereza mwambiwo kokwanira kanayi, mwina kuti msasa uliwonse ukhale ndi wake.

Ntchito yosonkhetsa inagwera amayi anga, a Agata, amene ankatsogolera amayi a mpingo. Koma iwo ankakhalira kusamala a Filomena ndi khanda lija, ndiye anandisenzetsa ine dengu. Anandiuza kuti ndipite khomo lililonse, ndigwade, ndinene bwinobwino chimene ndadzera.

Ndisakunamizeni, ndinadzimva. Mwana wa sukulu wonyamula dengu la mudzi wonse, ndinkayenda ngati njira ndi ya abambo anga. Ndipo anthu anapereka, inu. Nandolo, makaka, mazira okulunga m'masamba a nthochi, mtedza wa mbewu umene mwiniwake anautulutsa akuusa moyo. Wina anandipatsa tambala amene anandijompha njira yonse. A Saidi, telala wa Chisilamu wa kutsidya kwa mtsinje, amene sanali nawo pa msonkhano wa kutchalitchi, anandiitana okha n'kuikamo nsalu yatsopano. Dengu likadzadza ndinkakatula kwa a Paulo n'kuyambiranso, masiku atatu athunthu.

Khomo limodzi lokha sindinafikepo. Linali la a Rozina, kumapeto kwa mudzi, kanyumba kozunguliridwa ndi khonje. Amuna awo anapita ku Joni kalekale n'kutchona. Analibe nkhokwe, analibe ngakhale nkhuku, ndipo anali ndi chilonda pamwendo chimene sichinkapola. Ankadya za kupota zingwe za khonje, anthu n'kumawapatsa ufa. Ndinadziuza kuti kupempha munthu wotere n'kumuchititsa manyazi, ndipo ndinadziona ngati mwana wachifundo kwambiri. Zoona zake, ndinkaopanso pakamwa pawo, chifukwa a Rozina akakulalatira, ndi Chinyanja chawo chosakaniza ndi Chilomwe, unkamva kuyabwa thupi lonse. Ndiye tsiku lililonse ndikafika pa khonjepo ndinkakhota, n'kudzera m'munda mwa eni ake. Ndinkawaona ali pakhonde, akundiyang'ana.

Lachinayi udzu unafika pamitu ya anthu, mzere wautali kuchokera ku msewu wa ku Zomba. Mudzi wonse unali pabwalo, abambo akuzika nsichi, anyamata akung'amba nsungwi, amayi akuphikira ogwira ntchito. Dzuwa lisanafike pamutu, luzi linatha, msasa woyamba wokha utamangidwa phaso. Mitengo ya luzi kwathu inali itatha kalekale, ndipo kukafuna kuphiri kunali kutaya tsiku lonse. Chakum'mawa kunkamveka kugunda kwa mvula. Ntchito inaima, abambo n'kumangoyang'anana.

Apo m'pamene amayi anatembenukira kwa ine n'kufunsa kuti zingwe za a Rozina ndaziika kuti. Ndinayankha molimba mtima kuti sindinapiteko, poti iwo aja alibe kanthu. Ndinkayembekeza kuti andiyamikira.

Amayi sanandimenye, ngakhale dzanja lawo silinali lochedwa. Anakhuthula dengu lija, n'kundiika pamutu lili lopanda kanthu, anthu onse akuona.

"Ndinati khomo lililonse, Sesiliya. Anakupatsa ndani udindo wosankha anthu? Pita ukagwade."

Njira ija sinanditalikirepo chomwecho. Nditafika ndinati odi, osayankhidwa. Ndinatinso odi, nditagwada padzuwa, mchenga ukuotcha mawondo. A Rozina anali pakhonde pomwepo, mwendo wodwalawo atautambasula, akupota chingwe pantchafu ngati sakundiona. Kachitatu ndiye anadzutsa mutu.

"Ndimayesa dengu limeneli lili ndi maso, limangoona makomo a anthu enieni," anatero.

Ndinayamba kufotokoza za misasa, monga ndinkanenera m'makomo ena, koma anandidula. Anati za misasa anazimva kale, makutu awo alibe chilonda. Kenaka ananena mawu amene sanandichoke m'mutu mpaka lero.

"Amayi anga anandibweretsa kuno ndili kumsana, kuthawa kwa Apwitikizi. Ndakulira kuno, ndakwatiwa kuno, ana anga awiri ali m'manda a kuno. Lero mwana wa Agata wandiuza kuti ndine mlendo. Masiku atatu, mwanawe, ndikudikira kuti wina anene odi."

Ndinalira. Sanandinyengerere. Anangondiuza kuti ndilowe m'nyumba ndione kuseri kwa chitseko. Kumeneko kunali zingwe, mikombero yambirimbiri yoyera, zina khonje lake lisanaume n'komwe. Anayamba kupota tsiku la chivomezi lomwelo, poti iwo anadziwa mudzi wonse usanadziwe kuti luzi lidzatha. Ndikutuluka ndinaona ntchafu yawo, itafiira, khungu litasupuka ndi kupota. Ndinafunsa mwaulemu chifukwa chake sanangozibweretsa okha pabwalo. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa, n'kunena kuti anzawo onse dengu linawapeza pakhomo, ndiye iwo alakwa chiyani kuti achite kudzipempherera kupereka.

Dengu linadzadza mpaka ndinamangira zina kumsana. Tinanyamuka, ine kutsogolo, iwo pambuyo ndi ndodo yawo, akutsimphina, ndipo anandiletsa kufulumira. Titatulukira pabwalo, amayi anga ndi amene anayamba nthungululu, amayi ena n'kulandira. A Matiyasi anavula chipewa. A Rozina sanamwetulire ngakhale pang'ono. Anapita pa msasa wa a Filomena, nagwedeza nsichi imodzi, n'kuuza a Paulo kuti amene anamanga mfundo zimenezo ayenera kuti anaphunzira kusukulu. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi, a Paulo nawonso, ndipo mfundo zonse zinamangidwanso monga a Rozina ananenera.

Misasa inayi inatha Loweruka masana. Lolemba mvula inagwa, ya mphepo, yothyola nthochi, ndipo palibe denga limene linasasuka. Khanda lija linakula, linatchedwa Yohane, ndipo linadzakhala kalipentala wodziwika dera lonselo. Sitinadikire boma kapena wina aliyense wochokera kutali. Tinamanga ndi nandolo wathu, mazira athu ndi khonje lathu, ndipo ndikanena za mudzi umenewo mpaka pano ndimanena mutu uli m'mwamba.

A Rozina sanandikhululukire msanga. Anandipatsa dzina loti Nalambalala, ndipo anandiitana choncho mpaka ndinakwatiwa, mpaka ndinabereka. Pa ukwati wanga anabweretsa chingwe chomangira mbuzi, mbuziyo tilibe, n'kunena kuti idzachipeza.

Tsopano ndakalamba, ndipo ndanyamula madengu ndi mbale zambiri za msonkhamsonkha, za maliro, za tchalitchi, za anthu amene madzi anawakokolera nyumba. Achinyamata oyenda nane amakonda kundinong'oneza kuti apa tisalowe, agogo, awa ndi ovutika. Ndimawamvetsa, chifukwa chifundo chimenecho ndinali nacho, ndipo ndikudziwa mmene chimapwetekera amene wachilandira. Munthu amapirira njala, amapirira chilonda, koma kumuchotsa pa chiwerengero cha amene angathandize anzawo ndi kumuuza kuti kwawo si kuno. Ndiye ndimaima pakhomopo, ngakhale denga likhale lodontha bwanji, ndi mawondo anga ovutawa ndimagwada, n'kunena odi mpaka mwini wake ayankhe.