Matusho a Galimoto ya Atsibweni

Ndinakhala zaka zisanu ndi ziwiri pachikamwini kufupi ndi Furancungo, kwawo kwa mkazi wanga, ndipo zaka zitatu zomalizazo ndinkapempha chinthu chimodzi chokha: chitengwa. Ndinkafuna kutenga mkazi wanga ndi ana kupita nawo kwathu ku Ntengo-Wambalame, kumene mayi anga ankakhala okha, maso atayamba kuchita khungu. Woti avomereze anali atsibweni a mkazi wanga, eni mbumba. Sankakana ayi. Ankangoseka nkunena kuti, "Tiona, akamwini, tiona." Bola munthu wokana, umadziwa pomuyambira. Awa ankanditopetsa ndi mano awo oyerawo.

Atsibweniwo anali ndi galimoto yakale ya bokosi kumbuyo, imene kuno timati karinya, yonyamulira mbatatesi ndi nyemba kumsika. Nyengo ina yachisanu galimotoyo inayamba kulira. Akailiza m'mamawa, pamwamba pa injini pankamveka te-te-te-te, ngati munthu akugogoda mbale ndi msomali. Poyamba injini ikatentha phokosolo linkachepa, koma patatha milungu iwiri linasiya kuchepa.

Ine za injini ndinaziphunzira tili kothawa nkhondo ku Malawi, ndipo pamudzipo aliyense ankadziwa zimenezo. Koma kwa iwo mkamwini ndi wa khasu basi. Atsibweni anakaitana mmisiri wa kuboma, wovala ovolosi yoyera kuposa malaya anga a kutchalitchi. Munthuyo anaima patali, manja ali m'thumba, nkumvetsera mphindi imodzi yokha.

"Motoru yatha iyi, patarau, bwana wanga," anatero mmisiriyo. "Tiitsitse yonse, apo ayi gulitsani kwa ogula zitsulo."

Injini yakufa simalira choncho! Yakufa imagunda pansi, gu-gu-gu, mawu olemera. Iyi inkangolira kumwamba. Ndinadikira kuti mmisiri uja achoke, ndipo ndinakanjuta pafupi ndi atsibweni.

"Atsibweni, mundilole ndiimvereko."

"Inuyo?" Anaseka monga mwa masiku onse. "Chabwino. Mukaichiritsa, nkhani yanu ija tiimaliza Lamulungu likubwerali. Ndalonjeza, palavura ya munthu wamkulu imeneyo."

Ndinatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga pachitsulo, chogwirira pakhutu, nkumayenda nayo injini ikulira. Pansi panalibe vuto. Phokoso linali pachivundikiro cha pamwamba, malo awiri chakumbuyo. Nditasolola kachitsulo koyezera oyilo ndinagwira pakamwa. Sanali oyilo uyo, linali phula. Nditafunsa, atsibweni anayankha monyadira kuti iwo sagula oyilo. Amakatenga wotha ntchito kuchigayo, nkusefa pansanza ya chitenje, nkuthira. Zaka zinayi! Ndinafuna kuwafunsa ngati madzi otsukira mbale amamwa akasefa pachitenje, koma mawuwo ndinawameza.

M'injini zoterezi muli tizitsulo tonga zala, timene amisiri a kuno amati matusho. Tusho limadzaza oyilo m'kati mwake kuti lilimbe, ndipo likalimba limakankha valavu, kachitseko ka mpweya, mwakachetechete. Likatsekeka ndi litsiro oyilo salowa, limalobodoka, ndiye chitsulo chimayamba kumenya chinzake. Matenda onse anali amenewo, ndipo munthu wa ovolosi uja ankafuna kugulitsa galimoto chifukwa cha iwo.

Ndinagwira ntchito masiku atatu pansi pa mtengo wa pichesi. Ndinavundukula injini, ndinakanda matope akuda ndi supuni yakale, ndinazula matusho onse nkuwandandalika pathumba motsatana, kuti lililonse lidzabwerere pabowo lake. Ndinkamasula limodzilimodzi. M'kati mwake muli kasipuling'i ndi kampira kachitsulo kochepa ngati njere ya mapira, koti kakagwera mumchenga waferatu. Ndinatsuka zonse ndi palafini, chisanu chikuluma mpaka zala zinang'ambika. Tusho limodzi linali litadyeka, ndiye ndinakwera njinga yamoto kukasaka lina kwa ogulitsa zitsulo zakale. Atsibweni ndinawakakamiza kugula oyilo watsopano ndi sefa yake, akudandaula ngati ndawazula dzino.

Mkazi wanga ankabwera ndi tiyi nkumangondiyang'ana. Tsiku lachitatu anayankhula motsitsa mawu.

"Bambo a ana, musaikonze kwambiri."

Ndinamukalipira. Ndinkayesa akunyoza ntchito yanga, osadziwa kuti iye atsibweni ake ankawadziwa kuposa ine.

Nditailiza, inachita te-te-te kwa mphindi zingapo pamene matusho ankamwa oyilo, kenaka phokoso linazilala mpaka zii. Injini inkangopuma bwinobwino. Ndinasangalala, kuiwala kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Tsiku lomwelo ndinatuma uthenga kwa mayi kudzera kwa woyendetsa shapa, minibasi ya kuno, kuti sabata yamawa tikubwera tonse.

Lamulungu titaweruka kutchalitchi, abale a mkazi wanga anasonkhana pakhonde la atsibweni. Iwo anayamba ndi kundiyamikira, mpaka ine manyazi.

"Taonani manja awa! Mmisiri wa kuboma amati tigulitse, akamwini athu aidzutsa." Anaima pang'ono nkuyang'ana anthu. "Ndiye tanenani, abale, munthu wotere nkumupereka? Galimoto ili kuno, dokotala wake ali ku Ntengo-Wambalame? Ikadzayambanso kulira tidzatani? Pasiyensiya, akamwini, dekhani. Tidzaona chaka chamawa."

Onse anaseka movomereza. Ine, chitsiru, ndinawomba m'manja nkunena kuti zikomo. Zikomo ameneyo amandiwawa mpaka lero kuposa mawu awo. Ndikanalephera, bwenzi atandimasula tsiku lomwelo ngati mkamwini wopanda phindu. Ndinadzimanga ndekha ndi luso langa, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene anafunsa za mayi anga.

Kwathu ndinapita ndekha panjinga yamoto. Ndinapeza mayi atazira nyumba imene tinkati tidzakhalemo. Anazira chopapasa, moti dothi linali lokhuthala pena, pena lopyapyala. Iwo anali atakhala pakhomo, atavala chitenje chawo chatsopano. Atamva ndikutsika anandilonjera, kenaka anatembenuzira khutu kumsewu, kudikira mapazi ena.

"Apongozi anga ndi ana atsalira m'mbuyo ndi katundu?" anafunsa.

Ndinakhala pansi pambali pawo, ndipo ndinawanamiza kuti inde.