Maulendo Atatu a Leya

Mtengo wa kutsogolo kwa nyumba yathu ku Bowie, ku Amereka, unkayamba kufiira ndi kuyoyola masamba chilimwe chikangotha, ndipo ntchito yowakokola ndikaweruka kusukulu inali yanga. Fungo lawo akanyowa ndimalimvabe, ngati la fodya wosauma bwino. Chaka chimene ndikunenachi ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, titangokhalako pang'ono chichokereni ku Zomba, ndipo ndinkakokola masambawo ndikuganiza chinthu chimodzi chokha: mmene ndidzamukhaulitsire Leya.

Leya anali mwana wa aneba athu Achiyuda, mnzanga woyamba m'dziko lino. Ine ndinamuphunzitsa phada pa simenti ya kutsogolo kwa garaja yawo, iye n'kundiphunzitsa kupalasa njinga. Azakhali atabwera kuchokera kumudzi ndi kathumba ka ngumbi zokazinga, ndinamulawitsa. Anadya zingapo, n'kunyambita zala. Pofika Lolemba kalasi yonse inali itadziwa kuti mtsikana wa ku Afirika uja amadya tizilombo. Anyamata anayamba kundiikira ziwala zakufa m'chikwama, n'kumandifunsa ngati ndakhuta. Leya sanaulule kuti nayenso anadya. Ankaseka nawo, ndipo kuseka kwakeko kunandiwawa kuposa ziwalazo. Miyezi inayi sindinamuyankhule. Ndinkalakalaka atagwa pa njinga yake ija mano onse n'kuguluka, ine ndikuonerera pa windo.

Madzulo ena ndinamuona akubwera pakhomo pathu atanyamula mbale ya maapozi ndi uchi, bambo ake ataima patali m'mbali mwa msewu. Anati wabwera kudzapepesa. Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutseka chitseko. Amayi, amene ankacheza ndi amayi ake pa mpanda, ndiwo anandifotokozera. Anati Ayuda chaka chawo chikayamba amakhala ndi masiku khumi odzisanthula, kenaka n'kubwera Yom Kippur, tsiku losala kudya ndi kupempha chikhululukiro kwa Mulungu. Koma mlandu wa pakati pa munthu ndi mnzake Mulungu saufafaniza wolakwayo asanapite yekha kukagogoda kwa amene anamulakwira. Amayi ankaganiza kuti zimenezi zindifewetsa mtima. Kalanga, anandipatsa mpeni wakuthwa! Ndiye kuti Leya sakanakhululukidwa kumwamba popanda ine? Tsiku limenelo ndinadya chakudya chamadzulo mpaka kuonjezera.

Anabweranso patatha masiku atatu, opanda mbale, maso ali psuu. Anati anaopa kuti akauza anzathu zoti nayenso anadya amuseka. Ndinamusiya alankhule mpaka mawu atamuthera, kenaka ndinamuuza kuti ayi, pang'onopang'ono, kuti amve bwino. Sindinama, zinandikomera. Amayi anandikalipira ali kukhitchini: “Iwe, mwana wa eni ake wadzichepetsa kawiri konse. Ukufuna achite kukugwadira?” Ine ndinayankha chamumtima kuti inde, ndipo mlandu suola.

Kachitatu anabwera tsiku loti mawa lake ndi Yom Kippur, dzuwa lisanapendeke. Anandipeza ndili ndi chokokolera m'manja. Anandiuza kuti m'mawa umenewo anaimirira pamaso pa anyamata aja n'kunena kuti ngumbi anadya nawo, ndipo zinali zokoma. Tsopano ziwala zinali m'chikwama chake. Apa mtima wanga unagwedezeka, koma ndinaganiza kuti tsiku limodzi la ziwala silingafanane ndi miyezi inayi. Ndinafuna kuti asale kudya akudziwa kuti sindinamumasule, avutike nazo tsiku lonse, ndiye akabweranso ulendo wachinayi ndimukhululukire ngati mfumukazi. Mawu oti ndidzanene ndinali nditawakonza kale. Choncho ndinapukusa mutu n'kupitiriza kukokola.

Chimene amayi sanandiuze, poti nawonso sankachidziwa, n'chakuti pa mwambo wawo munthu amapempha katatu basi. Akakanidwa kachitatu wakwaniritsa mbali yake, ndipo wouma mtima ndiye amene watsala ndi mlandu. Bambo ake a Leya anauza amayi zimenezi mwaulemu, osakwiya n'komwe. M'mawa wa Yom Kippur ndinawaona banja lonse likuyenda wapansi kupita ku sunagoge, atavala zoyera ndi nsapato zansalu. Leya anandibayibitsa ndi dzanja. Nkhope yake inali yopepuka, ndipo zinandipsetsa mtima kwambiri kuposa kale, chifukwa chilango chimene ndinasunga mosamala chotere chinali chitandithawa m'manja.

Ndinadikira ulendo wachinayi nyengo yozizira yonse. Ankandipatsa moni pa basi ya sukulu, ankandisungira malo, koma nkhani ija sanaitchulenso, ndipo ine manyazi ndi matama sanandilole kuwoloka kapinga wa pakati pa nyumba zathu. Chaka chotsatira anasamukira kutali.

Akulu amati choipa chitsata mwini, ndipo ine ndinkakhulupirira kuti mwambiwo ukunena Leya. Lero ndili ndi ana anga ku Arlington, ndipo ndimawauza kuti wolakwa azipita yekha kukapepesa ndi pakamwa pake, monga anachitira mwana uja. Zoti wolakwiridwa nayenso nthawi yake imatha ndimazinena motsitsa mawu. Mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi anagogoda pakhomo panga katatu. Ine zaka makumi awiri zadutsa, dzina la bambo ake ndikulidziwa, kumene anasamukira ndikukudziwa, koma sindinagogodepo ngakhale kamodzi.