Chiwindi cha Telala Wosamwa Mowa

Pa 14 Malichi, Lachiwiri m'mawa, kalaliki wa pachipatala anamulakwira telala amene anapita kukayezetsa chiwindi. Anangoyang'ana mimba yake, osamufunsa kanthu, n'kuchonga pafomu pamene palembedwa kuti "amamwa mowa". Munthu amene watha zaka makumi atatu osalawa ngakhale dontho!

Telalayu ndi wamkulu thupi, tisabise. Mushopu mwake amalowa chammbali, ndipo mpando wa pamakina anachita kuukhomera thabwa lachiwiri. Amasoka tsiku lonse, botolo la chakumwa chotsekemera lili pafupi ndi sizasi, mabanzi ali m'dilowa limodzi ndi mabatani. Makasitomala amamutcha a Kabati, iye n'kumaseka nawo mpaka makina kugwedezeka. Mowa anausiya chaka chimene anakwatira, chifukwa mkazi wake anakulira m'nyumba ya chidakwa ndipo anamuuziratu kuti asankhe, botolo kapena iye.

Tsono kope la fomu ija, limene telala anapatsidwa kuchipatala, mkaziyo analipeza m'thumba la malaya pofuna kuchapa.

"Bambo a ana, ichi n'chiyani? Chiwindi chadwala, apa achonga mowa. Kani masuti aja mumasokera ku bala?"

"Mayi, ine bala ndikalowera khomo liti?"

Nthabwalayo inagwa pansi osatola munthu. Masiku asanu mkaziyo sanamulankhule. Tiyi ankangomuikira patebulo ngati wa mlendo amene wakhalitsa, ndipo telala anaona kuti zaka makumi atatu zikusosoka ngati msoko wa ulusi wovunda.

Lolemba, tsiku lokamva zotsatira, anamupempha kuti apite limodzi. Dokotala, mayi wodekha wa magalasi, anawaonetsa chithunzi cha chiwindi chili mbuu.

"Awa ndi mafuta. Magazi anunso akusonyeza kuti m'thupi muli kutupa kosaoneka, kamoto kamene kamanyeketsa chiwindi pang'onopang'ono. Kwa anthu onenepa kwambiri timaziona kawirikawiri, ngakhale amene samwa mowa."

"Bwerezani mawu omalizawo, adokotala. Akazi angawa sanamve, amayang'ana kalendala."

Dokotala anabwereza. Kenako anafunsa zimene kalaliki sanafunse: amadya chiyani, amakhala pansi maola angati. Telala anaulula za m'dilowa zija, mutu uli pansi.

Mkaziyo anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye kuti ndinu chidakwa ndithu," anatero, "koma cha mabanzi." Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi kolala wa mwamuna wake.

Tsiku lomwelo dilowa linasesedwa, munatsala mabatani okha. Pano telala amapita kuntchito wapansi, akupumira pa mphambano iliyonse ngati basi, oyendetsa njinga akumukuwira kuti, "A Kabati, galimoto yafa?" Iye amayankha kuti ili ku sevisi. Pofika Okutobala anali atabweza thalauza lake m'chiuno kawiri, ndipo atamuyezanso magazi, nambala ya kutupa ija inali itatsika. Mushopu amalowabe chammbali, koma akuti n'chizolowezi chabe.

Chatsala ndi fomu ija. Ikadali m'fayilo ndi chichongo chake, ndipo namwino aliyense watsopano akaitsegula amayamba ndi kumulangiza kuti asiye mowa, mkazi wake ali pomwepo. Telala wapitako katatu kukadandaula. Kalaliki akuti chimene chalowa m'fayilo sichifufutidwa, wamkulu wake akuti alembe kalata, kalatayo yalembedwa, ndipo yankho lake ndi zii.

Telala amati pa ntchito yake yonse sanadulepo nsalu atayeza munthu ndi maso. Amatenga tepi, amafunsa, kenako amalemba, ndipo akalakwitsa amasosola n'kusokanso popanda kuuza kasitomala kuti alembe kalata. Funso lake ndi limodzi, ndipo akuluakulu a chipatalacho aliyankhe molemba: chichongo chija achifufuta ndani, ndipo tsiku liti?