Mayi amene ankadziwa mawu a ahedi

Lachitatu lapitali mvula inandipezerera pa Kaluluma ndikuchokera kokaona mlongo wanga. Ndinathawira m'golosale ina momwe muli kanema woyendera sola. Ndinapezamo abambo angapo, zovala zikununkha fodya wa m'chigafa, maso ali pa sewero lija la anyamata a mpira a ku sekondale.

Kwa inu amene simulionera, nkhani yake ndi iyi: mnyamata wogoletsa zigoli pasukulupo anagwiririra mtsikana wa Fomu 3, mpikisano wa chikho uli pafupi. Tsikulo ankaonetsa mtsikanayo atalowa mu ofesi ya ahedi kukanena.

Pakhomo la golosale panaima mayi ena, atanyowa, dengu lopanda kanthu lili m'manja. Sanalowe. Ahedi a m'kanema asanatsegule pakamwa, mayiwo anayankhula chapansipansi:

“Amufunsa kuti anavala chiyani.”

Ahedi anafunsa zomwezo.

“Tsopano amuuza kuti asaononge tsogolo la mnzake.”

Ahedi anavula magalasi n'kunena mawu omwewo, ngati akuwamva mayiwo.

“Kenako amutumiza kwa azakhali ake,” anatero mayiwo.

Ndinatembenuka. “Amayi, munalionera kale seweroli?”

“Kwathu kulibe kanema, bambo.” Atatero anabwerera m'mvula muja osafunda kanthu.

Palibe ndi mmodzi yemwe anacheuka. Patapita kanthawi, bambo wina wa jezi yofiira, amene anakhala pa benchi yakutsogolo, anati akweze voliyumu.

Mvula itakata, anthu atatuluka, ndinafunsa mwini golosale za mayi aja.

“Zinachitikira mwana wawo, pasukulu ina konkuno,” anatero. “Nkhani inathera pa mbuzi. Mwanayo anapita kwa achibale ku esiteti, sukulu inathera pomwepo.”

“Nanga mnyamatayo?”

Anayang'ana benchi yakutsogolo ija, n'kuyamba kupukuta kauntala yomwe inali youma kale.

Ndafunsa amene analionera seweroli mpaka kumapeto. Akuti mtsikana uja saonekanso. Timu itenga chikho, mnyamata uja agwada pabwalo akulira, kanyimbo kachisoni kali pansipansi, ndipo woonera amapezeka akumumvera chisoni iyeyo.

Olemba seweroli angati akuonetsa moyo mmene ulili. Sindikutsutsa. Akanakhala kuti akunama, mayi opanda kanema akanawadziwa bwanji mawu a ahedi? Koma kamera simayenda yokha. Pali munthu amene anasankha kuti itsatire mnyamata kubwalo, isakwere basi ndi mtsikana. Bwanji osationetsa akutsika pamalo achilendo, yunifolomu ili m'jumbo? Bwanji osationetsa mayi ake akudutsa pa bwalo la mpira tsiku la msika?

Ndipo ife tisaloze chala olemba okha. Anatengera kwa ife. Akuluakulu amati mlandu suwola, koma kuno taphunzira kuukhalira, n'kumauza mwana kuti akhale chete poopa kuchititsa manyazi sukulu, mpingo ndi mudzi. Manyazi timawasenzetsa amene sanalakwe.

Loweruka likubwerali timu ya kwanu ikagoletsa, inu n'kudzuka kuimba dzina la wogoletsayo mpaka fumbi kobo, kodi mukudziwa kuti ndi mwana wa yani amene watseka chitseko ndi mawindo kuti asalimve dzinalo?