Mudzapita ndi Ndilipo

Ku Luembe galu sapatsidwa dzina chifukwa cha ubweya wake. Dzina la galu ndi kalata yopita kwa munthu amene sungathe kumutukwana pamaso. Ine izi ndinazidziwa mochedwa, nditakwatiwa kale.

Ndinakulila ku Petauke, kumene makolo anga anasamukila kuchokela ku Chadiza pofuna minda, ndipo panyumba pathu tinkakamba Chinyanja chokhachokha. Agalu a kwathu anali a Taiga ndi a Denja, maina opanda mlandu. Amuna anga atanditenga kupita kumudzi kwao, ndinapeza kuti khomo la nyumba yathu layang'anana ndi la alamu anga, mlongo wao wamkulu wa amuna angawo. Pakati pathu panali mtengo wa mango ndi nkhokwe basi. Alamuwo anali atawasankhila kale alongo ao mkazi wa pamudzi pomwepo, ndiye ine wobwela, wosadziwa ndi Chinsenga chomwe, ndinali mchenga m'ndiwo.

Sananditukwanepo. Moni ankandipatsa, sefa ankandibweleka. Koma utangotha mwezi umodzi anabwela ndi kagalu kofiila, nakatcha Mudzapita.

Alamu anga sakamba Chinyanja pokhapokha ali ku chipatala kapena akugulitsa nthochi pamseu ku Nyimba. Nkhuku amazikalipila m'Chinsenga, mbuzi m'Chinsenga, Mulungu amene amamudandaulila m'Chinsenga. Galu yekhayo ndiye anamupatsa dzina la Chinyanja, kuti mwini kalata asavutike kuwelenga.

M'mawa ulionse ndikamasesa pabwalo, mau ankadumpha nkhokwe ija: "Mudzapita! Mudzapitaaa!" Tsiku limene ndinachoka ku chipatala ndi mwana wanga woyamba, anandilandila ndi nthungululu, kenako anatembenukila galu nati, "Mudzapita, choka panjila, alamu adutse."

Ndikadandaula kwa amuna anga, ankangoti, "Ndi dzina chabe, amake mwana. Galu sadziwa Chinyanja."

"Galu sadziwa, koma ine ndidziwa."

Zaka zisanu ndi ziwili zinatha chotelo, ana nkukwana atatu. Ndiye tsiku lina amuna anga anapita kukaona amalume ao cha ku Sasare, nabwelako madzulo ndi katoni ya sopo pakaliyala ya njinga. Ndinayesa sopo, ndinayamba ndi kuthokoza komwe. Potsegula ndinapeza kagalu kakuda, mwendo umodzi woyela, mimba ngati chipanda, utitili uli nyakanyaka m'makutu.

"Kazilonda nkhuku," anatelo iwo, monyada ngati agula ng'ombe. "Tikatche Taiga."

"Taiga wa mimba yotele? Ngakhale bakha sangathawe."

"Nanga Bosi?"

"Kuti ndiziphikila mabosi awili panyumba pano? Iyayi. Inu mwabweletsa galu, zikomo. Dzina ndipeleka ndine."

Anandiyang'ana, nayang'ana kutsidya kwa nkhokwe, nkhope nkugwa. Anazindikila zimene anali atanyamula mu katoni muja.

Zoona zake nzakuti maina ndinali nao kale. Ndinakhala ndikuwasonkhanitsa zaka zonsezo monga mai woyembekezela asonkhanitsila matewela. Panali Mudzatopa. Panali Kambani. Panali Nsanje, koma limeneli linali lamaliseche kwambili, lopanda luso. Limene ndinkalikonda koposa linali Sindinu Mulungu, kungoti linali lalitali. Pomafika pa "Mulungu" galu akhala atameza kale dzila.

Amuna anga ankamva maina amenewa akuumba njelwa, thukuta lili kamukamu. "Amai, chonde," anatelo. "Wokaitanidwa kukayankha ndine. Uja ndi mlongo wanga, anandibeleka kumsana."

"Ndiye muwauze akubelekeninso, ine ndipumeko."

Kagaluko kanakhala masiku anai kopanda dzina. Tinkangokaitana kuti Iwe, ndipo amuna anga ankayankha kawili konse asanazindikile kuti sindikamba iwo.

Nkhani ya pamudzi siyenda pansi, imauluka. Tsiku lachisanu kunabwela amai otsogolela azimai a mpingo wathu, munthu wofatsa amene amayamba kupemphela asanakhale ndi pampando pomwe. Atamwa thobwa anati, "Mwana wanga, ndamva za galu. Mkhristu sabwezela choipa ndi choipa. Mupatse dzina lomanga mudzi. Mutche Mtendele."

Ndinachita manyazi, ndinavomela. Ndipo ndinayesetsa ndithu, Mulungu ndi mboni. Koma dzina labwino pa galu wosaleledwa limabala zonyoza zokhazokha. Tsiku loyamba ndinadzimva ndikukuwa kuti, "Mtendele wanyela m'khichini!" Masana amuna anga anafuula kuchokela kukhola kuti, "Gwilani Mtendele, mumenye!" Anthu odutsa panjila ankaima kumvetsela ngati panyumba pathu payambika mpingo wachilendo.

Tsiku lachiwili kagaluko kanasowa. Ndinafuna kuseli kwa bafa, kumunda wa mbatata, osakapeza. Mapeto ake ndinaima pa mango paja, ndipo ndinafunsa mwaulemu wonse.

"Alamu, mwaonako Mtendele kwanuko?"

Iwo anali akusenda nshawa pamphasa. Sanakweze ndi mutu womwe. Anayankha m'Chinyanja choyela bwino, chosaphonya ndi liu limodzi.

"Mtendele? Tinali nao kale pamudzi pano. Papita zaka zisanu ndi ziwili."

Kagalu kanali kali gone pambali pao, mutu utatsamila pamimba ya Mudzapita. Ndinakanyamula nkubwelela kwathu. Pofika pakhomo panga, dzina la Mtendele linali litafa, malilo ake osalila aliyense.

M'mawa mwake ndinadzuka msanga, ndinatenga tsache, ndinadikila. Chitseko cha kutsidya chinalila, alamu anatuluka ndi mbale ya makombo, natsokomola monga mwa masiku onse.

"Mudzapita! Mudzapitaaa!"

Ndinakoka mpweya wa zaka zisanu ndi ziwili.

"Ndilipo! Ndilipooo! Bwela kuno, Ndilipo!"

Mudzi unati zii. Ndi tambala yemwe analeka pakati. Kenako kunyumba ina kuseli kunaphulika phwete, wina nkulandila, mpaka kuchitsime. Amuna anga anatuluka ndi khasu osasamba m'maso, ndipo sabata yonseyo ankapita kumunda kusanache bwino, munda umene anali atamaliza kale kupalila.

Kagaluko kanalilandila dzinalo tsiku lomwelo, ngati kanabadwa nalo. Vuto linali lakuti agalu awiliwo sankadziwa kuti ali pa nkhondo. Ankadyela limodzi, kugona limodzi, kuba limodzi. Ndiye pofuna kuwalekanitsa, tonse awili tinkaima aliyense pakhomo pake, uyu "Mudzapita," uyu "Ndilipo," ngati makwaya awili olandizana nyimbo. Anthu opita kuchigayo anayamba kudzela njila yathu ngakhale inali yozungulila.

Zinathela ku tchalitchi. Tchalitchi chathu nthawi imeneyo chinali chisanaikidwe zitseko, ndipo agalu otsatila eni ake ankagona panja pamthunzi. Sabata ina kunabwela mlaliki wochokela ku Petauke, bambo wamfupi wa jekete lalikulu ndi nsapato zonyezimila, wa mau ngati chigayo. Za pamudzi pathu sankadziwa kalikonse. Anawelenga za munthu wachuma uja amene anamanga nkhokwe zazikulu, natseka Baibulo, nayamba kutiloza ndi chala.

"Muli ndi ng'ombe? Mudzapita! Mwakhoma malata? Mudzapita!"

Ndinaona mapewa a azimai a kutsogolo kwanga ayamba kugwedezeka.

"Muli ndi foni yaikulu? Ndikuti mudzapitaaa!"

Mudzapita, galu wokalamba uja, anali asanaitanidwepo katatu konse popanda chakudya. Anadzuka pamthunzi, nalowa pakhomo, nayenda pakati pa mabenchi motsimphina, mwaulemu ngati mkulu wa mpingo wonyamula mbale ya chopeleka. Anakakhala pansi kutsogolo kwa guwa, nayang'ana mlaliki, mchila ukusesa simenti. Pambuyo pake pankabwela kanga, kakudumphadumpha, maso ali pa zingwe za nsapato zonyezimila zija.

Mlaliki anali atatseka maso, mzimu utamukwela. "Ndani adzatsala pano? Ndani? Mudzapita nonse!"

Ine ndinkangoona mano a kagalu akuyandikila chingwe. Ndinafuna kunong'ona, koma pakamwa panga panali patazolowela kukuwa modumpha nkhokwe.

"Ndilipo!"

Mlaliki anatsegula maso. Anafunafuna mpaka anandipeza, nditaimilila theka, mwana kumsana.

"Amai, mwati bwanji? Inu simudzapita?"

"Pepani abusa, ndikamba galu."

"Galu?" Anadzigwila pachifuwa. "Galu ndani?"

Apo tchalitchi chinasweka. Akwaya anabisa nkhope m'mabuku a nyimbo. Mkulu wina wa mpingo anatuluka akutsokomola ngati watsamwa fupa. Ndilipo anali atamasula kale chingwe chimodzi ndipo ankachikoka chobwelela m'mbuyo, mlaliki akudumpha ndi mwendo umodzi. Koma amene anaseka koposa onse anali alamu anga. Anatsetseleka pabenchi mpaka pansi, chitenje chili kukamwa, misozi ili chuchuchu, akumenya simenti ndi chikhato. Chibwelele pamudzi paja ndinali ndisanaonepo mano ao a m'mbali.

Mapemphelo atatha, akulu a mpingo anatiitana awilife kuseli kwa tchalitchi. Mlaliki uja anali atamupepesa kale ndi nkhuku. Wapampando, bambo wa imvi amene iye mwini maso anali akali ofiila ndi kuseka, anayesetsa kuumitsa nkhope.

"Azimai inu mwachititsa mpingo manyazi. Maina a agaluwa asinthidwe."

"Wanga wakalamba," anatelo alamu. "Dzina latsopano akalimvela kumanda."

"Wanga ndinamuyesa dzina lachikhristu," ndinatelo ine. "Afunseni amai awa zimene zinachitika." Amai otsogolela azimai aja anayang'ana kumwamba ngati akuwelenga mitambo.

Wapampando anatembenukila alamu. "Tiuzeni zoona pamaso pa Mulungu. Dzina lija munkanena mlamu wanuyu?"

Ndinayembekeza kuti akana, anene kuti ankanena njala kapena malungo. Koma iwo anakonza duku nati, "Nanga ndikananena ndani? Ndinkayesa satha chaka. Wa m'tauni, manja osalala. Manje onani, ana atatu, nkhokwe yake iposa yanga, ndi pakamwa pomwe andiposa. Galuyo ndiye wandinamiza."

Sikunali kupepesa, ndipo ine sindinakhululuke kanthu. Koma ndinamva kukoma kumene sindinakumvepo ngakhale pa tsiku la ukwati wanga.

Chigamulo chinali chakuti pa Sabata agalu azimangidwa kunyumba, ndipo awilife tisese tchalitchi Loweluka lililonse kwa mwezi wathunthu, limodzi, kuti tiphunzile chiyanjano.

Loweluka loyamba alamu anafika opanda tsache. Anati msana wawagwila, nakhala pabenchi lakutsogolo, nayamba kundilozela ndi chala malo amene ndasiya. Ine ndinasesa fumbi lonse kulunjika kumapazi kwao. Anangokweza miyendo, osaleka kukamba. Anati mwana wao wamkazi wabweletsa mwamuna wa ku Mwape, wovala magalasi akuda ngakhale kuli mitambo, wonena kuti ali ndi bizinesi koma osatchula kuti ya chani.

"Mawa akubwela kudzaonekela," anatelo. "Alongo anga aja ndi ofewa, angomupatsa mpando. Mubwele inu mudzamufunse mafunso."

"Ine wobwela?"

"Ndiye bwino. Akakwiya tidzati ndi wa ku Petauke uyo, sitimudziwa."

Ndinapita. Mnyamatayo anavula magalasi pa funso lachitatu.